MKANGANO WA AMORMONI NDI OWATSUTSA: COONA N'CITI, MPHEKESERA N'ZITI?

Munthu wocokera ku Lusaka akayenda makilomita oposa 40 kulowera kumwera, asanafike pa mlatho wa mtsinje wa Kafue, amayamba kuona madenga aakulu a mafakitale. Kumeneko ndiko ku Kafue Industrial Area, dera limene boma la Dr Kenneth Kaunda linasankha kuti likhale la mafakitale dziko litangolandira ufulu. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970, ndipo kufupi nayo kunali ya nsalu ya Kafue Textiles, imene inkaomba thonje la alimi.

Nchito zimenezi zinakoka anthu ocokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, kudzanso Atonga, Alozi ndi Abemba, ndipo aliyense anadza ndi mpingo wa kwao. Kotero ku Kafue Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, Mkatolika, wa Reformed, wa Sabata, wa UCZ ndi Mboni ya Yehova akhala moyandikana kwa zaka zambiri. Amatsutsana pa za Baibulo, koma maliro akagwa onse amagona pa siwa limodzi.

Kuyambira mu 1992 dzina lina linalowa m'mikangano yotere. Caka cimeneco boma linalembetsa Mpingo wa Yesu Kristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti Amormoni. M'mwezi wa August caka comweco mmodzi wa atumwi ake, Russell M. Nelson, anafika ku Lusaka kudzapempherera nchito ya mpingowo m'dziko muno. Popeza anthu a ku Kafue amakwera mabasi a ku Lusaka tsiku ndi tsiku, ambiri anawaonapo amishonale ake, anyamata oyenda awiriawiri, ovala malaya oyera ndi tayi, ali ndi baji yakuda pa cifuwa.

Mwana wogwira nchito m'tauni akatumiza mau kumudzi kuti walowa mpingo umenewu, makolo amada nkhawa. Wina amawauza kuti ndi mpingo wa mitala, wina akuti ndi wodana ndi anthu akuda, winanso akuti ndi wa Satana. Nkhani zitatuzi sizilingana kulemera kwake, ndipo banja limene lazisakaniza likhoza kutaya mwana cifukwa ca bodza, kapena kumlekerera osamfunsa mafunso oyenera. Mkanganowu uyenera kupetedwa monga mapira, kuti mbiri yotsimikizika ikhale payokha, za cikhulupiriro pazokha, ndipo mankhusu a mphekesera auluke.

CIYAMBI CA MPINGOWU

Mpingowu unayambitsidwa pa 6 April 1830 m'cigawo ca New York ku America ndi Joseph Smith, amene anabadwa mu 1805. Iye ankati mngelo dzina lake Moroni anamuonetsa mbale zagolide zolembedwa mbiri ya anthu akale a ku America, ndi kuti anazimasulira mwa mphamvu ya Mulungu. Zimene anamasulirazo zinasindikizidwa mu 1830 ndi dzina lakuti Buku la Mormon.

Otsutsa anabuka nthawi yomweyo. Mu 1834 mkonzi wa nyuzipepala, Eber D. Howe, anatulutsa buku lonena kuti zonsezo zinali cinyengo. Mu 1838 bwanamkubwa wa Missouri, Lilburn Boggs, analamula kuti Amormoni apirikitsidwe m'cigawoco kapena aphedwe. Mu June 1844 anthu ena amene anacoka mu mpingowo anasindikiza nyuzipepala yochedwa Nauvoo Expositor, yowulula kuti Smith ankakwatira mitala mobisa. Khonsolo ya mzinda wa Nauvoo, umene Smith anali meya wake, inalamula kuti makina osindikizirawo aphwanyidwe. Smith anamangidwa, ndipo pa 27 June 1844 gulu la anthu linathyola ndende ya ku Carthage ndi kumuombera pamodzi ndi mkulu wake Hyrum. Otsala anatsogozedwa ndi Brigham Young kufikira ku cigwa ca Salt Lake mu 1847, kumene kuli likulu lao mpaka lero.

ZIMENE MBALI ZONSE ZIMAVOMEREZA

Nkhani ya mitala ndi yoona, koma ndi yakale. Mpingowu unkaphunzitsa ndi kucita mitala kufikira mu 1890, pamene mtsogoleri wake Wilford Woodruff analengeza kuti mcitidwewo uleke, boma la America litaufinya ndi malamulo okhwima. Mu 2014 mpingo womwewo unavomereza poyera kuti Joseph Smith anali ndi akazi pakati pa 30 ndi 40. Lero membala wokwatira mitala amacotsedwa mu mpingo. Otsutsa amafunsa cifukwa cimene zimenezi sizinkaphunzitsidwa momveka kwa zaka zambiri, pamene Amormoni amayankha kuti linali lamulo la Mulungu la nyengo imeneyo, monga zinalili kwa Abrahamu ndi Yakobo.

Nkhani ya khungu ndiyo imapweteka kwambiri anthu a mu Africa. Pa nthawi ya Joseph Smith amuna akuda owerengeka, monga Elijah Abel, anapatsidwa unsembe. Koma mu 1852 Brigham Young analengeza kuti munthu wa mtundu wa ku Africa asapatsidwenso unsembe, ndipo amuna ndi akazi akuda ankaletsedwa miyambo ikuluikulu ya m'kacisi. Lamulolo linakhala kufikira mu June 1978, pamene mtsogoleri Spencer W. Kimball analengeza kuti walandira cibvumbulutso coti licotsedwe. Pamenepo n'kuti Zambia atadzilamulira zaka pafupifupi 14, akusunga omenyera ufulu wa Rhodesia ndi South Africa. Nkhalamba zimene zikukumbukira nthawi imene munthu wakuda ankagulira nyama pa zenera sizingaione nkhaniyi mopepuka.

Mu 2013 mpingowu unalemba kuti ukukana ziphunzitso zakale zonena kuti khungu lakuda ndi temberero, ndi kuti umatsutsa tsankho lililonse. Mu 2009 Joseph Sitati wa ku Kenya anaikidwa m'gulu la akuluakulu oyang'anira mpingo pa dziko lonse, ndipo mu 2013 Edward Dube wa ku Zimbabwe anatsatira. Otsutsa amati zimenezi sizikwanira, popeza mpingo sunapepese. Amafunsanso kuti, ngati atsogoleri ochedwa aneneri anaphonya pa nkhani yaikulu cotere kwa zaka 126, munthu angadziwe bwanji kuti sakuphonya pa zina? Mamembala akuda amayankha kuti Mulungu amagwira nchito ndi anthu opanda ungwiro, ndi kuti mipingo ina yambiri ya azungu inali ndi tsankho lomwelo.

Yacitatu ndi ya ndalama. Membala amayembekezeka kupereka cakhumi ca zimene amapeza, ndipo wosapereka saloledwa kulowa m'kacisi. Mu February 2023 bungwe la boma la America loyang'anira malonda a masheya linalipiritsa mpingowu, pamodzi ndi kampani yake yosunga cuma ya Ensign Peak Advisors, madola 5 miliyoni cifukwa cobisa kukula kwa cuma cimene anaika m'masheya. Mpingo unalipira ndipo unati ukudandaula ndi zolakwazo. Mbali yake umati mabishopu a mipingo ya m'madera salandira malipiro, ndi kuti mu 2022 unagwiritsa nchito madola oposa 1 biliyoni pothandiza ovutika. Ku Kafue, kumene mabanja ambiri anasauka fakitale ya nsalu itatsekedwa ndi ya feteleza itacepetsa anchito, funso lakuti cakhumi ca mmphawi cimapita kuti ndi loyenera kufunsa mpingo uliwonse.

ZA CIKHULUPIRIRO

Pali zina zimene khoti kapena buku la mbiri silingaweruze. Mipingo yambiri imatsata cikhulupiriro ca ku Nicaea ca caka ca 325, cakuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi Mulungu mmodzi. Amormoni amaphunzitsa kuti atatuwa ndi osiyana, ogwirizana pa colinga, ndi kuti Atate ali ndi thupi. Cifukwa ca kusiyana kumeneku, mu 2001 Mpingo wa Katolika unalengeza kuti suvomereza ubatizo wa Amormoni. Iwo amati ndi Akristu ndithu, pakuti amapemphera m'dzina la Yesu ndi kuwerenga Baibulo, ndipo mu 2018 Nelson, atakhala mtsogoleri wa mpingo wonse, anapempha kuti anthu azichula dzina lonse la mpingo m'malo mwa lakuti Amormoni.

Pa Buku la Mormon, otsutsa amati limachula akavalo, tirigu ndi malupanga acitsulo ku America wakale, zinthu zimene ofukula za m'mabwinja sanazipeze pa nyengo imene bukulo limanena. Amatinso kupima za m'magazi kunaonetsa kuti makolo a eni dziko la America anacokera ku Asia, osati ku Yerusalemu. Mu 1966 zidutswa za mapepala akale a ku Egypt, zimene Smith anali nazo pamene ankalemba Buku la Abrahamu, zinapezeka m'nyumba yosungira zakale ku New York, ndipo akatswiri ataziwerenga anapeza kuti ndi malemba oika pa maliro, osachula Abrahamu. Mpingo umavomereza kuti zilembo za pa zidutswazo sizigwirizana ndi bukulo, koma umati mapepala ena anatayika, kapena kuti mauwo anadza mwa cibvumbulutso. Umati umboni weniweni munthu amaupeza powerenga ndi kupemphera. Apa munthu aliyense ayenera kudziyezera yekha.

Cina cimene cimadabwitsa anthu a kumudzi ndi ubatizo wa akufa. Potengera 1 Akorinto 15:29, Amormoni amabatizidwa m'malo mwa makolo ao amene anamwalira, nanena kuti wakufayo ali ndi ufulu wolandira kapena kukana. Mipingo ina imati vesilo silikulamula zimenezo. Ayuda anadandaula pamene maina a abale ao ophedwa ndi Hitler anabatizidwa, ndipo mu 1995 mpingo unalonjeza kuleka. Kuno kumene wakufa ndi wa banja lonse, mwana wofuna kupereka dzina la agogo ake acita bwino kuyamba wakambirana ndi amalume ake.

MPHEKESERA

Zonena kuti Amormoni amamwa magazi, amapembedza Satana kapena amapereka ana nsembe zilibe umboni uliwonse. Mapemphero ao a Lamlungu ndi otsegukira aliyense, ndipo mgonero wao ndi mkate ndi madzi. Lamulo lao la mu 1833 limaletsa mowa, fodya, tiyi ndi khofi, kotero mlendo akakana tiyi pakhomo sikuti akunyoza mwini nyumba. Cimene cimabala kukayika ndi makacisi, amene ndi osiyana ndi nyumba zopemphereramo. M'kacisi mumalowa mamembala okhawo okhala ndi cilolezo, ndipo miyambo ina ya mmenemo saiulula. Kacisi woyamba mu Africa anatsegulidwa ku Johannesburg mu 1985. Komabe kacisi watsopano asanapatulidwe, anthu onse amaitanidwa kudzaona zipinda zake. Munthu akhoza kutsutsa cinsinsi cimeneco, koma cinsinsi pacokha si umboni wa ufiti.

PHUNZIRO LA LUNDAZI NDI SINDA MISALE

Anthu a kum'mawa akudziwa kumene udani wa cipembedzo umafikitsa. Mu 1964 mkangano wa pakati pa mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ndi otsatira cipani ca UNIP unasanduka nkhondo ku Chinsali ndi ku Lundazi. Asilikali analowererapo, ndipo anthu oposa 700 anafa malinga ndi ciwerengero ca boma. Mu 1972 zikwi za Mboni za Yehova zinathawa ku Malawi, kumene zinkamenyedwa ndi kutenthedwa nyumba cifukwa cokana kugula makadi a cipani, ndipo zinaunjikana pa msasa wa Sinda Misale, kumene ambiri anafa ndi matenda. Konseku zinthu zinayamba ndi mau, mbali ina itaonedwa ngati si anthunso.

Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, koma gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wa munthu aliyense wopembedza, wosintha cipembedzo ndi wolalikira. Ufulu womwewo umalola mbusa, katekisiti kapena kholo kutsutsa ciphunzitso cimene sakugwirizana naco. Cimene sulola ndi mwala, moto ndi kupirikitsa munthu pamudzi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kholo limene mwana wake walowa mpingowu limuitane, likhale naye pansi, limufunse ngati anamuuza za 1890, za 1978 ndi za cakhumi asanabatizidwe, ndi cimene iye akuganiza pa zimenezo. Mmishonale wofunsidwa mafunso omwewa ayankhe mosabisa, pakuti mpingo wake unazilemba kale. Wotsutsa nayenso anene zokhazo zimene angazitsimikize, cifukwa bodza limodzi limaononga zoona khumi zimene ali nazo. Mwanayo akasankha kukhalabe kumeneko, akadali mwana wa pakhomopo, ndipo malo ake pa mphasa ya banja ndi pa manda a makolo ake asalandidwe.