Mkangano wa Mau pa Yunivesite ya Stanford

Ku United States, m'cigawo ca California, kuli sukulu lalikulu lochedwa Stanford, limene linatsegulidwa m'caka ca 1891. Ndi limodzi mwa masukulu omveka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Koma mu December 2022 dzina lake linamveka kaamba ka nkhani yacilendo: mndandanda wa mau amene anchito ake ena anati ndi bwino kuwaleka.

Amene analemba mndandandawo sanali aphunzitsi ai. Anali anchito oyang'anira makompyuta. Colinga cao cinali cakuti zolembedwa za sukulu pa intaneti ndi m'makompyuta zisakhale ndi mau opweteka anthu akuda, olemala, akazi ndi alendo. Pa liu lirilonse anaikapo lina lolowa m'malo mwake, ndiponso cifukwa cake.

Zifukwa zina zinali zomveka. M'cinenero ca akatswiri a makompyuta, makina olamulira anzake akhala akuchedwa "master", ndipo olamulidwawo "slave", ndiko kuti mbuye ndi kapolo. Ku dziko limene ukapolo unathetsedwa mu 1865 cabe, ndipo zidzukulu za akapolo zikhala m'kalasi limodzi ndi anzao, munthu sangadabwe kuti ena safuna kumva mau otere tsiku ndi tsiku pa nchito. Olembawo anapemphanso kuti munthu asamachulidwe ndi tsoka lake lokha. M'malo monena kuti "mkaidi", anene kuti "munthu amene ali m'ndende", pakuti umunthu wake sunathe tsiku limene analowa m'ndendemo. Ife amene sitichula apongozi ndi dzina lao tidziwa bwino kuti ulemu umayambira pakamwa.

Koma anchito aja sanalekere pomwepo. Anati liu lakuti "American" licotsedwe, cifukwa maiko a ku America ndi ambiri ndipo United States ndi limodzi cabe. Anakana mwambi wa Cingerezi wonena za kupha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi, nati uphunzitsa nkhanza kwa nyama. Mnyamata amene amapirikitsa mbalame m'munda wa mapira angaseke mpaka kugwa. Anatinso kuitana munthu wamba kuti "chief" ndi kupeputsa mafumu a eni nthaka a ku America. Coseketsa ndi ici: mkulu wa makompyuta pa sukulupo pa nthawiyo, Steve Gallagher, dzina la udindo wake linali kuyamba ndi liu lomwelo la "chief".

Nyuzipepala ya Wall Street Journal italemba nkhaniyi monyoza, dziko lonse linadzuka. Otsutsa anati yunivesite ndi malo amene munthu ayenera kufunsa ndi kutsutsa mopanda mantha. Anati ngakhale pepala linene kuti ndi uphungu cabe, likacokera ku ofesi wanchito wamng'ono amaliona ngati lamulo, pakuti amaopa kucotsedwa nchito. Apa ndiona kuti otsutsa ananena zoona. Uphungu wa mnzako ukhoza kuukana, koma wa munthu amene agwira malipiro ako suukana wamba. Ndipo mau oipadi akasakanizidwa ndi mau opanda cifukwa, anthu amataya zonse pamodzi, motero olemala ndi anthu akuda amene anafuna kuwathandiza ndi amene anatsala m'manyazi.

Kuti timvetse cifukwa cake nkhaniyi inakula motero, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Malamulo aakulu a dziko la United States, kuyambira mu 1791, aletsa boma kutseka pakamwa nzika zake. Lamuloli limanga masukulu a boma. Ndi cifukwa cake mu 1989 khoti linafafaniza malamulo a kalankhulidwe amene yunivesite ya boma ya Michigan inaika. Stanford si ya boma, ndipo mu 1990 inaika lamulo lake lolanga wophunzira wonyoza mnzake kaamba ka khungu, cipembedzo, kulemala, kapena pokhala mwamuna kaya mkazi. Tsono mu 1992 cigawo ca California cinapanga lamulo lochedwa Leonard, lonena kuti ophunzira a m'masukulu osakhala a boma nawonso ali ndi ufulu womwewo wa kulankhula. Wophunzira wina dzina lake Robert Corry ndi anzake anatengera Stanford ku khoti, ndipo mu 1995 woweruza anagamula kuti lamulo la sukulu lija linali losaloledwa. Stanford sinacite apilo.

Motero pamene mndandanda wa 2022 unaonekera, akuluakulu a sukulu anadziwa kale kumene njira yotere imathera. Bambo Gallagher anafulumira kulengeza kuti liu lakuti "American" silinaletsedwe, ndi kuti mndandandawo sunali lamulo la yunivesite. Phokoso silinathe. Pa 4 January 2023 mndandanda wonse unacotsedwa, ndipo Marc Tessier-Lavigne, amene anali mtsogoleri wa Stanford pa nthawiyo, analembera aphunzitsi ndi ophunzira kuwatsimikizira kuti zolembedwazo sizinakhalepo lamulo la sukulu, ndi kuti ufulu wao wa kuphunzira ndi kulankhula ukhalabe monga kale.