ACHIBALE A KU JONI AKUBWERA, KOMA THUPI LAWO LINAIWALA MALUNGO

Anzanga, Disembala akayandikira mabasi ochokera ku Joni amadzaza. Amalume, azakhali ndi achimwene amabwera kudzadya Khirisimasi, ena atatenga ana obadwira komweko amene sanapondepo pa Migowi kapena pa Chiringa. Ife timakonzekera nkhuku ndi mpunga, koma timaiwala kuti anthuwa akufika nthawi ya dzinja, pamene udzudzu uli ponseponse.

Mzungu akamabwera ku Malawi amayamba waonana ndi dokotala, kubayitsa katemera ndi kugula mankhwala. Koma m'bale wathu amangoti, "Aaa, ndikupita kwathu, ndinakulira konko." Ngozi yagona pamenepa.

Chifukwa chiyani amadwala kwambiri?

Malungo amayamba ndi tizilombo totchedwa Plasmodium, timene timalowa m'magazi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukatiluma usiku. Ife okhala kuno timalumidwa chaka ndi chaka, ndiye thupi limaphunzira kulimbana nato. Sikuti sitidwala ayi, koma munthu wamkulu kawirikawiri safika pothyoka nawo msanga. Vuto ndi lakuti chitetezo chimenechi chimatha munthu akasiya kulumidwa. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town malungo safala. Ku South Africa amapezeka chakumalire, m'madera ena a Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Choncho amene wakhala ku Joni zaka zingapo amabwera thupi lake litaiwala, ndipo malungo omwe inu mukanayenda nawo mpaka kuchipatala, iye angamugoneke chikomokere.

Nanga mwana wobadwira kumeneko? Iyeyo ndiye alibiretu chitetezo. Dziko lathu ndi lomwe linali loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, mu Epulo 2019, ndipo Phalombe ali m'gulu la maboma 11 omwe anayambira. Amabaya kanayi, kuyambira mwana ali ndi miyezi isanu. Ku South Africa katemerayu saperekedwa kusikelo. Komanso dziwani kuti ngakhale wobayitsa amafunikabe kugona m'neti, chifukwa katemerayu amangochepetsa matenda, sawatsekereza onse.

Asananyamuke

Apite kuchipatala kudakali masabata angapo, akanene kuti akupita ku Malawi. Alipo mapiritsi oteteza ku malungo omwe munthu amayamba kumwa asanafike, n'kupitiriza ali kuno mpaka atabwerera. Asagule mwachisawawa: ena, monga doxycycline, saloledwa kwa mayi woyembekezera ndi mwana wosakwana zaka 8.

Asaiwalenso buku la kusikelo la mwana, lomwe kumeneko amalitcha Road to Health. Ngati akubwera kudzakhazikika, bukulo alionetse kwa alangizi a zaumoyo kuti aone katemera amene akusowa. Mwachitsanzo, kuno kuyambira 2023 ana amalandira katemera wa taifodi. Musaone ngati n'zocheza: mu 2022 poliyo anapezeka mwa mwana ku Lilongwe, kenako ku Tete, ndipo akatswiri atayeza anapeza kuti kachilomboko n'kofanana ndi komwe kanali ku Pakistan. Matenda safunsa pasipoti.

Akafika

Neti ikhale yokonzeka usiku woyamba womwewo, yosabooka, yopisiridwa bwino pansi pa mphasa kapena matiresi. Ngati maneti achepa, oyamba kuganiziridwa ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Pocheza pabwalo madzulo avale zofika m'mikono ndi m'miyendo.

Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Tonse tikukumbukira kolera yemwe anayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, komanso momwe namondwe Freddy anaonongera zitsime ndi zimbudzi kuno mu Malichi 2023. Kusamba m'manja ndi sopo kusakhale kwa alendo okha.

Chinanso ndi likodzo. Msuweni wanu wa m'tauni akaona nyanja ya Chilwa kapena madzi odikha m'dambo adzafuna kusambira. Mulekezeni. M'madzi otere mumakhala nkhono zosunga tizilombo timene timaboola khungu, ndipo magazi mumkodzo amadzaoneka patapita masabata ambiri, iye atabwerera kale.

Akatentha thupi

Malungo sayamba tsiku lomwe munthu walumidwa. Pamapita masiku osachepera 7, nthawi zambiri pafupifupi masabata awiri. Mlendo akayamba kutentha thupi, kunjenjemera, mutu kapena kuphwanya m'thupi, apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo. M'zipatala za boma n'kwaulere ndipo zotsatira zimatuluka pa mphindi zochepa. Akampatsa LA amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, osalekeza panjira chifukwa wapezako bwino. Mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse kapena akamalephera kuyamwa, musadikire kuti kuche.

Pano ndi pomwe ambiri timataya nthawi. Munthu akadwala atangofika ndi katundu, kumudzi kumamveka zoti amuchitira nsanje, ndiye ulendo wa kwa sing'anga. Masiku awiri otayika choncho ndi okwanira kuti malungo afike ku ubongo. Yambani mwayezetsa.

Ndipo akadwala atabwerera ku Joni, auze dokotala kuti anali ku Malawi. Kupanda kutero angamupatse mankhwala a chimfine basi.

Nafenso tidzayenda

Ena mwa ife tikamaliza MSCE tidzapita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ku Kenya, Uganda, Angola kapena DRC. Kumeneko kuli yellow fever, matenda ena ofalitsidwa ndi udzudzu omwe kuno kulibe. Katemera wake amayamba kuwerengedwa pakapita masiku 10 chibayireni, ndiye si wobayitsa dzulo lake la ulendo. Kuyambira 2016 kadi yake yachikasu imagwira ntchito moyo wonse, bola kuisunga.

Ndiye sabata ino mukamalankhula ndi amalume pa WhatsApp, musangoitanitsa foni ndi nsapato. Afunseni ngati apita kale kuchipatala ndi anawo, ndipo inu kunyumba yang'anani ngati neti ya alendo ilipo.