Magazi a mnzako mu jakisoni: zimene Dar es Salaam inaphunzira

M'chaka cha 2005, ofufuza motsogozedwa ndi Sheryl McCurdy anaulula mchitidwe umene unaimitsa mitu azaumoyo ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania. Mayi amene wapeza ndalama ya heroin ankadzibaya, kenako n'kukoka magazi ake omwe kudzaza jakisoni, n'kupatsira mnzake amene tsikulo zamuvuta. Mnzakeyo ankabaya magaziwo mumtsempha wake poganiza kuti mwatsalira kamphamvu koti kamuziziritse chibaba. Eni ake ankati flashblood. Ambiri anali amayi oyendayenda, ndipo ankachita zimenezi pomverana chisoni.

Chibaba cha heroin si cha fodya ayi. Pakapita maola ochepa munthu asanabaye, thukuta limayamba kutsika, mafupa kuphwanya, m'mimba kupota, kusanza ndi kutsegula. Wofika pamenepo safunsa kuti singano yadutsa m'mikono ya anthu angati.

Kale m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja ya Indian Ocean anthu ankasuta heroin wabulauni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunafika woyera, wosungunuka msanga m'madzi, ndipo ambiri anasiya kusuta n'kuyamba kubaya. Mankhwalawa amachokera makamaka ku Afghanistan, amawoloka nyanja pa zombo zamatabwa n'kutsikira m'magombe a Kenya, Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Ambiri amapitirira ku South Africa ndi ku Ulaya, koma otsalira m'njira amagulitsidwa motchipa m'makwalala.

Jakisoni amalowetsa kachilombo ka HIV m'magazi mwachindunji, ndipo m'kadontho kotsalira mkati kachilomboka kangathe kukhala ndi moyo kwa masabata angapo. Kutsukuluza ndi madzi sikuchotseratu chiopsezo. Kafukufuku wa cha m'ma 2005 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse odzibaya mu Dar es Salaam, pafupifupi 4 anali ndi HIV, ndipo mwa amayi anali oposa theka. Anthuwa ali ndi akazi awo, amuna awo, zibwenzi ndi makasitomala. Kachilombo kolowera pa singano kamakafika kuchipinda, kenako kwa mwana wosabadwa.

Boma la Tanzania linachita zimene mayiko ambiri a mu Africa ankaziopa. Mu February 2011, ndi thandizo la ndalama za PEPFAR zochokera ku America, pa chipatala chachikulu cha Muhimbili anatsegula kiliniki ya methadone, yoyamba ya boma kumtunda kwa Africa kummwera kwa chipululu cha Sahara. Wodwala amabwera tsiku lililonse, amaima pa windo, namwino amamuyezera mankhwala amadzi m'kakapu, iye n'kumwa pomwepo namwino akuona. Kakapu kameneko kamagwira chibaba tsiku lathunthu popanda kumuledzeretsa. Munthu amatha kupita ku ganyu, kuyezetsa magazi, kumwa ma ARV m'nthawi yake. Makiliniki ena anatsegulidwa ku Mwananyamala ndi ku Temeke. Ku Temeke komweko bungwe la Médecins du Monde linayamba kugawa majakisoni atsopano kwaulere ndi kutolera akale. Kenya inatsatira ndi kiliniki ya methadone mu 2014 pa chipatala cha Mathari ku Nairobi, ndipo ku Maputo malo othandizira anthuwa anatsegulidwa m'dera la Mafalala mu 2018.

Otsutsa alipo, ena ndi atsogoleri a mipingo amene cholinga chawo n'chabwino. Amati kupatsa munthu singano n'kumulimbikitsa kuchimwa. Ine ndikuona kuti akulakwitsa. Palibe amene anasiya heroin chifukwa chosowa jakisoni. Amangotola wa mnzake, kapena wotayidwa kudzala. Bungwe la World Health Organization linaunika umboni wa m'mayiko ambiri n'kupeza kuti kugawa majakisoni kumachepetsa HIV popanda kuchulukitsa obaya. Amene wasiya mankhwala patatha zaka zisanu, ndi bwino asiye alibe HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis C.

Chondiwawa n'chakuti amayi, amene nkhaniyi inayambira pa iwo, ndi amene anafika ochepa pa mawindo aja. Kukwera basi tsiku ndi tsiku kumafuna ndalama. Kuima pamzere wodzaza amuna, ena mwa iwo amene anakumenyapo, kumafuna mtima wolimba. Wina amaopa kuti abale akadziwa amulanda ana. Apolisi nawonso akamagwira munthu chifukwa chomupeza ndi jakisoni m'thumba, mawa lake sayendanso ndi wakewake, amakabwereka komwe akukabayirako.

Mu January 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri la kunja, ndipo ntchito zopewera HIV pakati pa magulu ngati amenewa zinali m'gulu la zogwedezeka kwambiri. Methadone ndi mankhwala osafuna kudumphitsa: windo likatsekedwa masiku awiri okha, chibaba chimabwerera, ndipo wogulitsa heroin amakhala akadali pamalo ake. Maunduna a zaumoyo a m'chigawo chino ayenera kuika mankhwalawa ndi majakisoni mu bajeti zawozawo, monga achitira ndi mankhwala a malungo ndi a TB.