MASIKU AKAPITIRIRA, MATENDA A KUBEREKA SAPANGANA NDI MUNTHU

Mai wapakati amene masiku ace akwana ndi kupitirira amakhala munthu wofunsidwa mafunso ambiri. Apongozi amafunsa, anansi amafunsa, ndipo iye mwini amadzifunsa usiku uliwonse ngati kuwawa kwa msana kumene akumva kuli ciyambi ca matenda a kubereka kapena kutopa cabe. Tsono anamwino a ku sikelo akamuuza kuti abwere ku cipatala tsiku lakuti kuti adzamuyambitse matendawo ndi mankhwala, mabanja ambiri amakhazika mtima pansi, namaganiza kuti palibe cimene cidzacitika kufikira tsikulo. Apa ndi pamene pali ngozi. Thupi la mai amene wafika masabata 41 lingakhale cete m'mawa, madzulo ace zowawa nkuyamba, ndipo tambala asanalire mwana nkukhala ali m'manja mwa azamba.

TSIKU LA PA KHADI

Tsiku limene limalembedwa pa khadi ya ku sikelo liri longoyerekeza. Anamwino amawerenga masiku 280, ndiwo masabata 40, kuyambira tsiku loyamba la msambo wotsiriza wa mai. Njira yowerengera imeneyi imadziwika ndi dzina la dokotala wa ku Germany, Franz Karl Naegele, amene anamwalira mu 1851. Masiku 280 ali miyezi isanu ndi inai ya pa kalendala ndi sabata imodzi, koma kwa iwo owerenga miyezi ya masiku 28 ali miyezi khumi. Nkosadabwitsa tsono kuti kawirikawiri agogo ndi anamwino amasiyana mawerengedwe pa pakati pamodzi pomwepo.

Mwa ana makumi awiri alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amabadwa pa tsiku lenileni lolembedwalo. Mwana wobadwa pakati pa masabata 37 ndi 42 amayesedwa wobadwa pa nthawi yace. Ndiponso mai amene sakumbukira bwino tsiku la msambo wace, kapena amene anatenga pakati akuyamwitsa, angaoneke ngati wapitirira masiku pamene sanapitirire ai. Cifukwa cace bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalangiza mu 2016 kuti mai aliyense aunikidwe ndi makina a sikani kamodzi pakati pace pasanafike masabata 24, pakuti pa nthawi imeneyo msinkhu wa mwana umasonyeza bwino ukulu wa pakatipo.

NCHITO YOSAONEKA NDI MASO

Cimene cimadabwitsa anthu ndico cakuti mai amene dzulo anali kusinja ndi kutunga madzi, lero wacira. Koma thupi silicita zimenezi mwadzidzidzi monga kumaonekera. M'masabata otsiriza khomo la ciberekero, limene miyezi yonse linali lalitali, lotseka ndi lolimba ngati nsonga ya mphuno, limayamba kufewa, kufupika ndi kupyapyala pang'onopang'ono. Mutu wa mwana umatsika ndi kulipanikiza. Ciberekero naco cimakhala cokonzeka kumvera oxytocin, ndiwo madzi a m'thupi amene amacititsa kuti mimba izimangika ndi kumasuka. Zonsezi zingacitike mai osamva kanthu. Motero zowawa zenizeni zikayamba, gawo lalikulu la nchito limakhala litagwiridwa kale mseri.

Pamene khomolo likutseguka masentimita oyamba, nthawi yace siidziwika: ena amatenga maola ocepa, ena tsiku lathunthu kapena kupitirira, zowawa zikubwera ndi kuleka. Koma likafika masentimita 5 zinthu zimafulumira kufikira litatseguka lonse pa masentimita 10. Malangizo a bungwe lomwe lija a mu 2018 amati gawo lofulumirali kawirikawiri silipitirira maola 12 kwa mai wa mimba yoyamba, ndi maola 10 kwa mai amene anaberekapo. Imeneyi ndi nthawi yotalikitsa, ndipo nchembere zambiri zimatsiriza msanga koposa pamenepo. Alipo ena owerengeka amene amacira pasanathe maola atatu ciyambire zowawa. Mai amene zinamucitikirapo zotere ayenera kuwauza anamwino, pakuti zikhoza kubwerezanso.

Ngakhale dokotala amene wapima khomo la ciberekero sangachule ola. Mu 1964 dokotala wa ku America, Edward Bishop, anakonza njira yopimira kupsa kwa khomolo poona kufewa kwace, kufupika kwace, kutseguka kwace, kumene laloza ndi kutsika kwa mutu wa mwana. Njirayi imathandiza kudziwa ngati mankhwala adzagwira msanga. Komabe mai wa khomo lotseka Lolemba angacire Laciwiri, pamene mnzace wa khomo lotseguka masentimita awiri angayende nalo sabata yathunthu.

CIFUKWA CACE ACIPATALA SADIKIRA KOSATHA

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa masabata 40 kudekhako kuli koyenera ngati mai ndi mwana ali bwino. Koma kudekha kuli ndi malire. Nsengwa, imene imadyetsa mwana ndi kumpatsa mpweya kupyolera mu mcombo, ingayambe kufooka masiku akacuruka. Madzi amene mwana amakhalamo amacepa. Mwana wina amapitiriza kukula kotero kuti amabvuta kuturuka, ndipo wina amacita cimbudzi cace coyamba m'madzimo, cimene cingalowe m'mapapo ace pobadwa. Ngozi yakuti mwana afere m'mimba iri yaing'ono, koma imakwera sabata iriyonse yoonjezera.

Zimene zinacitika ku Sweden zinaonetsa nkhaniyi poyera. Madokotala a m'zipatala 14 za dzikolo anatenga azimai 2,760 a pakati popanda bvuto amene anafika masabata 41, nawagawa m'magulu awiri. A gulu loyamba anawayambitsa matenda pomwepo, a gulu laciwiri anawalola kudikira kufikira masabata 42. Kafukufukuyo anamuimitsa asanathe, cifukwa m'gulu lodikira munafa ana asanu ndi mmodzi pamene m'gulu loyambitsidwa simunafe mwana ndi mmodzi yemwe. Ciwerengero ca ocitidwa opareshoni sicinasiyane kweni-kweni m'magulu awiriwo. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 2019.

Kafukufuku yemweyo anasonyezanso cinthu cina cofunika kucikumbukira. Mwa azimai amene anauzidwa kudikira, pafupifupi awiri mwa atatu alionse anayamba matenda okha sabatayo isanathe, ndipo ngakhale m'gulu loyenera kuyambitsidwa pomwepo munali ena amene zowawa zinawapeza mankhwala asanaperekedwe. Mai wa masabata 41 tsono ali pakhomo peni-peni pa kucira, koma sayenera kuthawa tsiku limene wapatsidwa poyembekeza kuti mwina mawa zidzayamba zokha. Kuyambira mu 2011 World Health Organization imalangiza kuti mai amene kwadziwika bwino kuti wafika masabata 41 ayambitsidwe matenda.

M'MENE AMAYAMBITSIRA MATENDA

Kawirikawiri mzamba wa ku cipatala amayamba popanda mankhwala. Popima, amazunguza cala cace m'kati mwa khomo la ciberekero kuti alekanitse nsupa ndi khomalo. Zimawawa pang'ono ndipo timagazi tingaoneke, koma kwa azimai ena zimenezi zokha zimadzutsa matenda m'masiku awiri otsatira.

Zikapanda kutero, mai amagonekedwa m'cipatala. Ngati khomo likali lolimba amampatsa mankhwala olifewetsa, makamaka misoprostol, pa muyeso wocepetsetsa wa mamaikirogiramu 25, wakumwa kapena woika kunjira ya mwana, ndipo amabwereza patapita maola oikika. Njira ina ndiyo kulowetsa kapaipi kokhala ndi kathumba kumapeto, kamene amakadzaza madzi kuti kakankhe khomolo pang'onopang'ono. Khomo likatseguka angaswe nsupa ndi kumuika diripi ya oxytocin. Mankhwala amenewa ali cimodzimodzi ndi madzi a m'thupi aja. Mphamvu yace pa ciberekero anaizindikira Henry Dale wa ku England mu 1906, ndipo Vincent du Vigneaud wa ku America anawapanga m'nyumba yopimira mankhwala mu 1953, nalandira mphotho ya Nobel mu 1955.

Apanso nthawi imasiyana. Nchembere ya khomo lofewa kale ingacire tsiku lomwelo, mwina m'maola ocepa cabe. Mai wa mimba yoyamba amene khomo lace likali lotseka angakhale masiku awiri kapena atatu matenda asanakhazikike, ndipo abale sayenera kuganiza kuti anamwino amuiwala kapena kuti mankhwala alephera. Kucedwako kuli kwadala. Mankhwala akacuruka ciberekero cimamangika kosapumira, mwana amasowa mpweya, ndipo ciberekero cingang'ambike. Ndico cifukwa cace anamwino amamvetsera mtima wa mwana kawirikawiri ndi kuwerenga zowawa, ndiponso sapereka misoprostol kwa mai amene anacitidwapo opareshoni ya mwana. Mai wotere ayenera kuchula za cipsera cace asanalandire mankhwala alionse.

MIZU YA KUMUDZI

Masiku akapitirira sipasowa wacifundo wobwera ndi kabotolo kapena kaphala ka mizu, monga imene ena amaicha mwanamphepo, kuti njira itseguke msanga. Bvuto la mizu imeneyi siliri lakuti siigwira nchito. Ina imagwiradi, koma palibe wodziwa muyeso wace, palibe womvetsera mtima wa mwana, ndipo ikamwedwa palibe woibweza. Diripi ya ku cipatala namwino angaicepetse kapena kuitseka zowawa zikanyanya. Madzi akatayika saoleka. Mai amene wamwa kale mizu asabise pofika ku cipatala, pakuti akampatsanso mankhwala pamwamba pa mizuyo moyo wace ndi wa mwana ungakhale pa ngozi.

Palinso mabanja amene amati kucedwa kwa mwana kumasonyeza kuti mwamuna kapena mkazi anayenda njira zosayenera, namuumiriza mai kuti aulule. Kupitirira masiku kumacitika kwambiri pa mimba yoyamba, kumabwerezeka kwa mai amene zinamucitikirapo, ndipo kumayenda m'mtundu. Siciri cilango. Maola otayidwa pa milandu yotere ndiwo maola amene anafunika pa ulendo wa ku cipatala.

KUKONZEKA USIKU ULIWONSE

Kafukufuku wa za umoyo ndi ciwerengero ca anthu wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse obadwa mu Zambia, 84 anabadwira m'zipatala ndi m'makiliniki. Mwa otsalawo muli amene amai ao anafuna kufika ku cipatala koma ulendo unayamba mocedwa. Kwa wokhala pafupi ndi University Teaching Hospital mu Lusaka, Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete, maola atatu ali okwanira. Kwa wokhala tsidya la mtsinje m'nyengo ya dzinja, wodalira njinga kapena ngolo ya ng'ombe, maola atatu sali kanthu. Mai wa kutali ayenera kukakhala ku nyumba yodikiriramo azimai pafupi ndi cipatala masiku ace asanakwane, ndipo a m'magulu a Safe Motherhood Action Groups m'midzi amathandiza kukonza ulendo wotere.

Zitenje, zobvala za mwana, khadi ya ku sikelo ndi ndalama za ulendo zikhale pamodzi pamalo odziwika. Bambo wa pa nyumba asapite ulendo wautali poganiza kuti tsiku lolembedwa likali patsogolo, adziwe galimoto imene adzaitana pakati pa usiku, ndipo wosunga ana otsala akhale wodziwika kale.

Zizindikiro zakuti nthawi yafika ndizo kuwawa kocokera kumsana kudza kumimba kumene kumabwera motsatana, kukulirakulira ndi kusaleka ngakhale mai atagona, ndiponso cinanzi cosakanizika ndi timagazi. Nsupa ikasweka mai anyamuke ngakhale zowawa zisanayambe, pakuti ambiri amayamba matenda tsiku lisanathe, ndipo kucedwa kumatsegulira njira tizirombo. Nchembere isadikire kuti zowawa zithinane monga inacitira pa mwana woyamba.

Koma ziripo zina zosafunika kudikira ngakhale ola limodzi: mwana akacepetsa kugunda kapena kuleka, madzi akaturuka obiriwira kapena onunkha, magazi akaturuka ambiri, mutu ukawawa kwambiri ndi maso kucita cidima, thupi likatentha, kapena mai akakomoka. Pamenepo tsiku lolembedwa pa khadi liribenso nchito, usana kapena usiku.

Tsiku loyambitsa matenda liri malire amene acipatala aika kuti kudikira kusapitirirepo. Mwana angabwere usiku uliwonse tsikulo lisanafike, ndipo banja lanzeru limagona cikwama ciri pakhomo. Akapanda kubwera, mai afike ku cipatala pa tsiku ndi pa ola limene anauzidwa.