Amati "anamugonetsa", koma si tulo

Munthu akalowa ku fiyeta, abale panja amauzana kuti "amugonetsa". Mawuwa amasocheretsa pang'ono. Wogona tulo mukamutsina amadzidzimuka, pomwe uyu amamung'amba pamimba iye osaphethira n'komwe.

Titenge propofol, mankhwala oyera ngati mkaka amene amabayidwa mumtsempha. Anawatulukira ku kampani ya ICI ku Britain, pa ntchito yotsogozedwa ndi John Glen, dokotala wa ziweto, ndipo anavomerezedwa kumeneko mu 1986. Akalowa m'magazi, mphindi imodzi siikwana, munthu sadziwanso kanthu.

Maselo a muubongo amakhalira kutumizirana uthenga usana ndi usiku. Kuti phokosolo lisapyole muyezo, ubongo uli ndi mabuleki akeake, otchedwa GABA. Pakhungu la selo pali tizitseko tating'onoting'ono totchedwa GABA-A. GABA ikafika pa kachitseko, kamatseguka, tinthu ta kolorayidi n'kulowa m'selomo, ndipo seloyo imachita ulesi kutumiza uthenga. Propofol amakakamira pambali pa kachitsekoko n'kukachititsa kukhala kotseguka nthawi yaitali. Sabwera ndi mabuleki achilendo ayi, amangoponda mwamphamvu omwe munthu anabadwa nawo. Zikachitika m'maselo ambirimbiri nthawi imodzi, mbali za ubongo zimasiya kumvana, makamaka thalamus ndi chikuto cha ubongo chimene timaganizira. Maselo akadali amoyo, akugwirabe ntchito, koma uthenga wa mpeni sufika poti munthu n'kuuzindikira.

Chodabwitsa n'chakuti madokotala anagonetsa anthu zaka zoposa 100 asanadziwe izi. William Morton anaonetsa mphamvu ya mankhwala ogonetsa otchedwa ether ku Boston pa 16 Okutobala 1846, ndipo kwa nthawi yaitali akatswiri ankati mankhwalawa amangosungunuka m'mafuta a pakhungu la selo. Mu 1984 Nicholas Franks ndi William Lieb a ku London anaonetsa kuti amagwiranso mapuloteni mwachindunji. Puloteni imene anayesera ndi ija imawalitsa ziphaniphani usiku!

Ketamine, amene zipatala za m'maboma ku Malawi zimadalira kwambiri, amadzera njira ina. Iye amatseka tizitseko ta NMDA, tomwe timafulumizitsa uthenga. Ubwino wake, wodwala kawirikawiri amapumabe yekha ndipo magazi satsika mphamvu. Kuipa kwake, ena amadzuka akubwebweta ataona zoopsa ngati m'maloto.

Propofol alibe chifundo chimenecho. Tizitseko ta GABA-A tiliponso m'mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma, ndiye mlingo ukapyola, mpweya umaima. Michael Jackson anafa nawo mu 2009 akuwagwiritsa ntchito kunyumba pofuna tulo. N'chifukwa chake kumutu kwa wodwala kumakhala katswiri wogonetsa amene sachokapo mpaka opaleshoni ithe.

Munthu akagonetsedwa, kutsokomola komwe kumateteza mapapo nakonso kumazima, moti za m'mimba zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Choncho anamwino akati musadye opaleshoni isanachitike, musabise ngakhale kaphala kam'mawa.