Foni ikukumbutsa amayi tsiku la sikelo

Mwana akadali wakhanda, tsiku la katemera silivuta kukumbukira. Akangobadwa amalandira wa TB ndi wa poliyo, kenako amabwerera ku sikelo pa masabata 6, 10 ndi 14. Mavuto amayamba pambuyo pake. Katemera wa chikuku amadikira mwana akwanitse miyezi 9, wachiwiri n'kudzabwera pa miyezi 15. Apa n'kuti mwana akuyenda, akudya nsima, mayi ali kalikiliki kumunda, ndipo buku la sikelo lakhalitsa pansi pa sutikesi. Katemera wa malungo, yemwe dziko la Malawi lidakhala loyamba kumupereka mu 2019, ndiye amachita kufika kutali: womaliza amabwera mwana akuyandikira zaka ziwiri.

Mpata umenewu ndi womwe foni ikuyesa kutseka. Ntchito ya Chipatala cha pa Foni idayamba mu 2011 m'boma la Balaka, pomwe bungwe la VillageReach lidagwirana manja ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo lero idafalikira dziko lonse. Woyimba nambala ya ntchitoyi salipira kanthu, ndipo amalankhula ndi wazaumoyo. Mayi woyembekezera kapena wolera mwana akalembetsa, mauthenga amabwera motsata msinkhu wa mwanayo. Wodziwa kuwerenga amalandira olemba, wosadziwa amamvera mawu m'chilankhulo chake.

Mauthengawa sathera pa jakisoni. Amakumbutsa zoyamwitsa mwakathithi miyezi 6, zothira nsinjiro m'phala, ndi zodyetsa mwana magulu 6 a zakudya. M'dziko lomwe kafukufuku wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, nkhani ya phala si yaing'ono.

Alangizi a zaumoyo nawo foni idawapeputsira. Cha m'ma 2009, UNICEF idayesa njira ya RapidSMS, yomwe mlangizi ankatumiza kulemera kwa mwana ndi muyeso wa mkono pa uthenga, m'malo mwa mapepala omwe ankatenga miyezi kuti afike kulikulu. Mwana wonyentchera ankadziwika msanga.

Komabe tisadzinamize. M'makomo ambiri akumudzi foni ndi ya bambo, ndipo imayenda nawo kumsika, kunyanja, kuganyu. Uthenga ukalowa m'mawa, mayi amaumva madzulo, ngati bambo akumbukira. Ena foni imagona kotchajitsa masiku awiri. N'chifukwa chake mauthengawa ayenera kulembedwa molankhula ndi bambo yemwe, poti foni ili m'thumba mwake ndipo njinga yopitira ku sikelo ndi yake.

Chinanso chili m'manja mwa boma. Mayi akayenda mtunda wautali chifukwa cha uthenga, n'kukauzidwa kuti katemera watha kapena firiji idawonongeka, mwezi wotsatira foni ikalira sanyamukanso.