Shopu yakongoletsa webusaiti, nanga yasoweranji pa Google?

Ana inu, munabwerekapo foni ya amayi kapena ya achimwene n'kulemba pa Google mawu akuti "nsapato za sukulu"? Musanaphethire n'komwe, mayankho ali mbwee. Koma taonetsetsani: pali shopu imene ili pamwamba penipeni, ina ili pachiwiri, ndipo ina ili kumunsi kwenikweni kumene chala sichifikako. Anthu ambiri amangodina zapamwambazo basi, n'chifukwa chake eni mabizinesi amalimbirana malo amenewo.

Tsono pamachitika chodabwitsa. Shopu ikhoza kukhala pamwamba kwa zaka zambiri, mwini wake n'kuganiza zokonzanso webusaiti yake kuti ioneke yamakono. Aika mitundu yatsopano, zithunzi zowala ndi mabatani okongola. Aliyense akuyamikira. Pakangopita milungu ingapo, shopu ija pa Google kuli zii. Yalakwa chiyani?

Tiyambe taona mmene Google imadziwira masamba. Kampaniyi inayamba mu 1998, ndipo anaiyambitsa ndi Larry Page ndi Sergey Brin, omwe anali ophunzira pa yunivesite ya Stanford ku America. Ili ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot, imene anthu ena amangoti kangaude. Kangaudeyu sagona. Amatsegula tsamba, n'kuwerenga mawu ake, kenako n'kutsata malinki amene wawapeza. Linki ndi mawu aja, kawirikawiri abuluu, amene mukawadina amakupititsani patsamba lina. Zimene kangaude wawerenga zimasungidwa m'kaundula wamkulu zedi. Choncho inu mukamafufuza, Google sithamanga pa intaneti ponse nthawi yomweyo ayi, imangoyang'ana m'kaundulamo.

Nanga woyamba amasankhidwa bwanji? Nzeru ya Page ndi Brin inali yoti linki iliyonse iziwerengedwa ngati voti. Nyuzipepala ikalemba za shopu ina n'kuikapo linki, ndiye kuti yaivotera, ndipo voti yochokera patsamba lodalirika imalemera kuposa ya tsamba losadziwika. Njirayi anaitcha PageRank. Masiku ano Google imayang'ananso zina zambirimbiri, monga mawu a patsambalo, kufulumira kwake potseguka ndi maonekedwe ake pafoni, komabe malinki sanathe ntchito.

Apa ndiye pagona nkhani. Mavoti aja sapita ku mitundu kapena ku zithunzi, amapita ku adiresi. Tsamba lililonse lili ndi adiresi yakeyake, mawu aja amene amaoneka m'kabokosi ka pamwamba pa sikirini. Tinene kuti adiresi ya tsamba la nsapato imathera ndi /nsapato-za-sukulu. Wokonza webusaiti akaisintha kuti ikhale /katundu/nsapato, inu ndi ine tiona nsapato zomwe zija, koma kwa Google limeneli ndi tsamba lachilendo, lopanda voti ngakhale imodzi. Kangaude akabwerera ku adiresi yakale amalandira nambala 404, yotanthauza kuti tsambalo silinapezeke. Akamangopeza 404 yomweyo, tsamba lija limachotsedwa m'kaundula.

Taganizirani za mayi wogulitsa tomato amene wakhala pabenchi limodzi mumsika kwa zaka zambiri. Tsiku lina wasamukira mbali ina, osauza aliyense. Makasitomala ake afika, apeza palibe munthu, akanda mutu pang'ono, basi agula kwa wina. Koma mayi wochenjera amatsanzika kwa mnzake woyandikana naye: "Asisi, akabwera ondifuna muwalozere kuseri kwa ogulitsa usipa." Kasitomala sataika, ndipo mbiri ya tomato wake imamutsatira komweko.

Pa intaneti uthenga woterewu ulinso ndi nambala yake, 301. Kompyuta yosunga webusaiti imauza aliyense wofika pa adiresi yakale kuti tsambali lasamukira apo ndipo silibweranso. Foni yanu imalumphira ku adiresi yatsopano mofulumira moti simuzindikira n'komwe. Kangaude nayenso amatsatira, ndipo pang'ono ndi pang'ono mavoti akale aja amasamukira kumalo atsopano. Palinso 302, yonena kuti kusamukako n'kongoyembekezera, ndiye wosamuka mpaka kalekale ayenera kusankha 301. Mu 2024 kampani imene inkatchedwa Twitter inasamutsa webusaiti yake kupita ku x.com, koma wolemba twitter.com sasochera: amangozindikira ali pa x.com. Google imalangiza kuti malozero oterewa akhalepo kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo.

Ntchito yeniyeni ndi yotopetsa, ndipo imachitika webusaiti yatsopano isanatsegulidwe. Munthu amakhala pansi n'kulemba maadiresi onse akale, kaya ndi 50 kaya ndi 5,000, ndipo pambali pa iliyonse amalemba adiresi yatsopano yofanana nayo. Nsapato ku nsapato, zikwama ku zikwama. Alipo ena aulesi amene amangolozera maadiresi onse kutsamba loyamba la webusaiti. Kumeneko n'kudzinamiza, chifukwa wofuna nsapato amafikira pa moni wa kampani n'kutopa, ndipo Google ikhoza kuona masamba amenewo ngati osowa ndithu.

Pali cholakwika china choseketsa, ngakhale kuti mwini shopu saseka. Pamene webusaiti yatsopano ikumangidwa, okonza amaibisa kuti kangaude asaionetse kwa anthu isanathe. Amaikamo kachizindikiro kotchedwa noindex, kouza Google kuti tsambali isalilembe m'kaundula. Tsiku lotsegulira, chisangalalo chili chonse, n'kuiwala kukachotsa. Kangaude ndi womvera kwabasi: wauzidwa kuti asalembe, salembadi, ndipo masamba amayamba kuzimiririka limodzi ndi limodzi.

Enanso amachotsa mawu ambiri n'kuikapo zithunzi zokhazokha, ati kuti tsamba lipepuke. Koma ngati mawu akuti "nsapato za sukulu" achoka, Google idziwa bwanji kuti shopuyi ili nazo? Mawu ofunika ayenera kutsala, ndipo chithunzi chilichonse chizikhala ndi kachiganizo kofotokoza chimene chili pamenepo. Kachiganizo komweko n'kamene makina amawerengera anthu osaona.

Zonse zikatha, mwini webusaiti amapatsa Google mndandanda wa maadiresi atsopano, wotchedwa sitemap, kudzera pa chida chaulere cha Google Search Console. Chida chomwecho chimamuonetsa masamba amene akubweza 404 kuti awakonze. Ngakhale achite zonse molondola, malo ake amatha kukwera ndi kutsika kwa milungu ingapo, chifukwa kangaude sayendera masamba onse tsiku limodzi.

Tim Berners-Lee, amene anayambitsa mawebusaiti ali pantchito ku bungwe la asayansi lotchedwa CERN kufupi ndi mzinda wa Geneva, analemba mu 1998 kulimbikitsa anthu kuti asamasinthe maadiresi a masamba awo chisawawa. Webusaiti yoyamba padziko lonse inali pa adiresi ya info.cern.ch, ndipo mu 2013 a CERN anabwezeretsa tsamba lake loyambirira pamalo ake akale. Mukapatsidwanso foni, pemphani chilolezo mulembe adiresi imeneyo. Mulibe chithunzi ngakhale chimodzi, muli mawu ndi malinki okhaokha, ndipo bandulo ya amayi siitha.